Momwe mungakonzere kadimba ka maluwa kobwera mbalame ndi agulugufe kuno ku Salima

Anthu ambiri kuno amati maluwa ndi a ku Dedza ndi ku Zomba kozizira. Akaona mchenga wathuwu ndi dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala, limene masiku ena limapitirira madigiri 35, amangoti bola kusesa pabwalo pakhale mbee. Ine ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse ndimamwera tiyi pakati pa njuchi, apumbwa ndi agulugufe. Nthawi yoyambira ndi ino, kumapeto kwa chilimwe, mitambo itayamba kusonkhana cha kunyanja koma mvula yodzalira isanagwe.

Yambani ndi malo. Sankhani mbali ya nyumba yoyang'ana kum'mawa, kumene dzuwa limawomba m'mawa koma likapendeka pamagwa mthunzi wa khoma. Dzuwa la masana ndi lomwe limawotcha maluwa kuno. Ngati pali mtengo wa nimu kapena wa mango pafupi, zili bwino, koma musakumbe pansi pake penipeni chifukwa mizu yake imamwa madzi onse. Musanadzale kanthu, mangani mpanda. Miyezi ino mbuzi zimayenda zomasuka mpaka anthu atadzala m'minda, ndipo mbuzi imodzi imamaliza hibiscus wa miyezi itatu inu mukutsuka mbale. Bango kapena udzu ndi zokwanira, waya ndi wodula chabe.

Kenako dothi. Mchenga sugwira madzi, ndiye pamafunika manyowa ambiri, owolerana bwino, aja osanunkha amene ukawagwira amayoyoka. A ng'ombe ndi a mbuzi ndi abwino. A nkhuku akakhala aawisi amawotcha mizu, makamaka kukatentha chonchi. Pamwamba phimbirani ndi mankhusu a mpunga. Ife a ku Salima pamenepa tili ndi mwayi, poti mpunga umalimidwa cha ku Lifuwu ndi m'madambo ena, ndipo kuzigayo mankhusu amangokhala mulu. Ena amakupatsani ulere, ena amafuna kangachepe ka thumba. Chenjerani ndi anyamata ena a ngolo ogulitsa "dothi lakuda la maluwa". Nthawi zambiri amangofukula m'dambo, limabwera ndi timinyontho ta dawe, ndipo dawe akalowa m'dimba mudzazula mpaka kutopa. Fukulani ndi dzanja musanalipire. Mukaona timizu toyera tokhala ndi timibulu takuda, abwezeni.

Za maluwa enieniwo, musathamangire kugula. Pitani kwa anansi mukapemphe nthambi. Bougainvillea, hibiscus ndi frangipani zonse zimamera kuchokera ku nthambi yodula ndipo zimapirira kutentha kwa kunyanja. Frangipani mukadula, isiyeni pamthunzi mlungu umodzi kuti utomoni uume, mukaibzala yaiwisi imawola. Zinnia, marigold ndi mpendadzuwa ndi zofesa. Zinnia amayamba maluwa patatha miyezi iwiri yokha ndipo agulugufe amamukonda kwambiri. Mukafuna kugula za m'machubu kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, kokani kamtengoko pang'ono. Ena amadula nthambi ya maluwa kale m'mawa womwewo n'kuizika m'chubu, ilibe muzu ndi umodzi womwe, koma mtengo wake wofanana ndi wa mbale ya usipa. Yomera bwino imakana kuzuka. Lantana musamudzale ngakhale amakopa agulugufe, chifukwa mbalame zimamwaza njere zake ndipo amalanda tchire lonse. Ngati muli ndi malo, ikani mtengo umodzi wa mandimu pakona. Gulugufe wamkulu uja wakuda wamawanga achikasu amaikira mazira pamasamba a mandimu, ndipo mbozi yake ikadali yaing'ono imaoneka ngati zitosi za mbalame.

Kuthirira mukudziwa kale: m'mamawa kapena madzulo, pansi osati pamasamba. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba musataye, amachepetsa bilu.

Chimene chimaitana zamoyo kuposa maluwa mwezi uno ndi madzi akumwa. Tengani phale la mphika wosweka, muliike pamthunzi pamalo okwera pang'ono kumene mphaka sangabisale, muikemo timiyala tingapo totuluka pamwamba pa madzi kuti njuchi zizitera osamira. Apumbwa ndi amene amayamba kubwera, kenako mpheta ndi njiwa. Koma madziwo muzitaya ndi kutsuka phalelo masiku awiri kapena atatu alionse. Udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo kukatentha pamangotenga mlungu umodzi kapena kupitirira pang'ono kuti uyambe kuuluka. Kuno kunyanja malungo tikuwadziwa tonse.

Tsopano ndifike pamene ine ndinalakwitsa, ndipo ndikupemphani muwerenge modekha.

Chaka changa chachiwiri, hibiscus anadzaza nsabwe zija zobiriwira zomata kunsonga, masamba n'kuyamba kupindika. Mtima unandipweteka poti ndinali nditamuthirira chilimwe chonse. Tsiku la msika ndinapeza bambo wina atayala timabotolo pansi, mankhwala othiridwa m'mabotolo a zakumwa, opanda chizindikiro, opanda dzina, opanda malangizo. Anandiuza kuti kachivindikiro kamodzi m'ndowa, chilichonse chouluka ndi chokwawa chitha. Anali otchipa kuposa a m'sitolo ya zaulimi, ndiye ndinagula. Ndinapopera m'mawa cha m'ma 8 koloko, dzuwa litatuluka, maluwa atatseguka, nthawi yeniyeni imene njuchi zimakhala pantchito. Sindinapopere hibiscus yekha, ndinapitiriza dimba lonse poganiza kuti ndikuteteza.

Madzulo ake ndinapeza njuchi zili mbwee pansi pa zinnia, zina zikuzungulira pamchenga zikulephera kuuluka. Mawa lake ndinapeza nanzikambe amene ankakhala mu bougainvillea ali pansi, wada bii, wafa. Ana anga poyamba ankamuopa monga ambiri timachitira, koma anali atazolowera kumufunafuna m'masamba akaweruka kusukulu. Nanzikambe alibe ululu, ntchito yake ndi kudya ntchentche ndi ziwala. Mwana wanga wamng'ono analira. M'dimba munakhala zii kwa milungu ingapo, ngakhale choso, kambalame konyezimira ka mlomo wautali kamene kankabwera kudzayamwa hibiscus, sikanaonekenso. Chondiwawa kwambiri n'chakuti nsabwezo zinabweranso mwezi usanathe, zochuluka kuposa kale, chifukwa ndinali nditapha tizilombo tomwe timazidya: tija tofiira tozungulira tamadontho akuda, ndi achiswamphika. Mnansi wathu wa chakumtunda ali ndi ming'oma ya njuchi. Ndinapita kukawauza ndekha zimene ndinachita. Agogowo sanakalipe, anangoti, "Mwanawe, njuchi sidziwa malire a munda." Kenako ananditengera kumtengo wa nimu n'kundionetsa chochita.

Nachi chomwe ndimachita tsopano. Nsabwe zikakhala zochepa ndimazifikisa ndi zala kapena kudula nsonga yogwidwayo n'kuitaya kutali. Zikachuluka ndimasinja masamba a nimu odzaza manja awiri, kuviika m'ndowa ya madzi usiku wonse, kusefa ndi kansalu, n'kusungunuliramo kachidutswa kakang'ono ka sopo wochapira wamtanda. Ndimawaza madzulo dzuwa litalowa, njuchi zitabwerera, ndipo ndimawaza pamasamba ogwidwa okha, kunsi kwake, osati pamaluwa. Sizifa tsiku limodzi, pamafunika kubwereza pakatha masiku anayi kapena asanu. Yang'ananinso nyerere: mukaziona zikukwera ndi kutsika pamtengo, dziwani kuti kumtunda kuli nsabwe, poti nyerere zimadya timadzi totsekemera totuluka mwa nsabwezo ndipo zimaziteteza. Phulusa lozunguliza patsinde limazichedwetsa. Masamba a mandimu akadyedwa pang'ono ndi mbozi, asiyeni, ndiye agulugufe a mwezi wamawa amenewo. Ngati mwafikadi pofuna mankhwala a kusitolo, gulani otsekedwa, olembedwa dzina ndi muyezo, ndipo funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Za m'mabotolo a zakumwa zija n'zoopsanso kwa ana, amene angaone ngati n'chakumwa.

Zotsalazo n'zosavuta. Chizimalupsa chikagwa, fesani zinnia ndi marigold, wokerani nthambi zija zamera mizu. Chiswe chikalowa m'mankhusu, achotseni pafupi ndi tsinde, musiye mpata wa chikhatho. Maluwa ofota muzidula kuti ena aphuke, koma angapo asiyeni aume mupeze mbewu ya chaka chamawa, mpheta nazo zidyeko. Udzu wa pafupi ndi khoma ukhale waufupi, ndipo musaunjike njerwa kapena nkhuni m'dimba, njoka zingapezepo pogona. Achule akabwera ndi mvula musawathamangitse, amadya tizilombo usiku. Amene muli cha ku Senga Bay, apusi adzakuthyolerani mpendadzuwa; dzalani pafupi ndi khonde.

Tsiku lotuluka ngumbi, tulutsani mpando madzulo. Anamzeze amadzaza m'mwamba, abuluzi ndi agulo amatsika pakhoma, achule amandanda pansi pa nyali. Ngati pafupi pali mlambe, Novembala yemweyu ndi pamene umachita maluwa ake oyera aakulu, otseguka kukada, ndipo mileme imabwera kudzayamwa. Kwathu ziphaniphani zinayambanso kuoneka kumpanda chaka chatha, ndipo mlungu wathawu mwana uja anabwera akuthamanga kudzandiuza kuti mu bougainvillea muli nanzikambe wina, wamng'ono ngati chala.