Filimu yakwera mtengo, isungeni pozizira

Anzanga ojambula ndi makamera akale a filimu kuno ku Chipata, mwadzionera nokha momwe filimu yasowera. Fujifilm inasiya kupanga filimu ya Pro 400H mu 2021, ya Kodak nayo ikungokwerakwera. Mufilimu muli siliva, mafakitale otsala ndi ochepa, ndiye kwacha ikagwa olira ndife.

Mukaipeza, chonde musaisiye pawindo kapena m'galimoto. Kutentha kumaononga mitundu. Ine ndinasiya mafilimu awiri a ku Kulamba, ku Mkaika, m'chikwama pampando wa galimoto tsiku lonse padzuwa. Nditatsukitsa, zithunzi zinatuluka zotuwa, nsalu zofiira za ovina zija zitazilala ngati zachapidwa kambirimbiri. Mpaka lero zimandiwawa. Tsopano ndimaika m'kabokosi ka pulasitiki kotseka bwino, kenako mufiriji, ndipo magetsi akazima sinditsegulatsegula chitseko. Mukatulutsa, dikirani maola awiri musanatsegule kabokosiko, apo ayi filimu imachita chinyezi.

Ngati mukufuna kukajambula Nc'wala ku Mtenguleni mu February, musadikire sabata lomaliza. Sonkhanani atatu kapena anayi, mutume mnzanu wopita ku Lusaka akagule pamodzi.

Filimu yotha nthawi musataye. Ya ISO 400 (ISO ndi nambala yosonyeza momwe filimu imamvera kuwala) imene yapitirira zaka 10 chithereni nthawi yake, ikani kamera pa ISO 200 kuti ilandire kuwala kokwanira. Komanso makamera a half-frame, ojambula chithunzi chilichonse pa theka la malo ake pafilimu, monga Pentax 17 ya 2024, amatulutsa zithunzi 72 pa filimu ya zithunzi 36. Ya black and white, ngati Fomapan, imakhala yotsikirako mtengo.