Diso labayidwa ndi tsamba la chimanga, kenako kadontho koyera

Achemwali mwati bambo anu ku Ulongwe anabayidwa ndi tsamba la chimanga m'diso pokolola, pano pagalasi la diso pamera kadontho koyera ndipo mankhwala a pashopu sakuthandiza. Zimenezo nthawi zambiri ndi fangasi (tizilombo ta mtundu wa nkhungu), mankhwala a mabakiteriya samupha.

Choyamba siyani kudontheza chilichonse cholembedwa dexamethasone kapena prednisolone, amenewo amachotsa kufiira koma fangasi ndiye amasangalala nkumakula. Zitsamba, mkaka wa m'mawere, madzi a mchere, ayi ndithu.

Chachiwiri pitani nawo lero lomwe kuchipatala, pemphani akutumizeni kwa a maso ku Hospital Provincial de Tete, kumeneko angapale pang'ono pachilondapo kuti aone ndi mtundu wanji.

Akapeza fangasi wa kumunda ngati Fusarium kapena Aspergillus amapereka natamycin 5%, botolo lake muzilikhutchumula kaye musanadontheze chifukwa mankhwala amakhazikika pansi. Masiku awiri oyamba ndi dontho limodzi ola lililonse usana ndi usiku omwe, ee ngakhale 2 koloko ya usiku muziwadzutsa, muzisinthana pakhomopo, kenako adokotala ndi amene amachepetsa. Akakhala fangasi wa mtundu wina wotchedwa Candida, madokotala amakonda kupereka amphotericin B, nthawi zina voriconazole.

Sambani m'manja, kamwa ya botolo isakhudze diso, osamanga diso ndi nsalu. Fangasi amachedwa kufa, zimatenga masabata 4 mpaka 6 kapena kupitirira, ndiye asasiye poti ululu wachepa. Kadontho kakamakula kapena mafinya akaoneka mkati, bwererani tsiku lomwelo.