Kayendedwe ka ulendo wokaona linga lakale pa Phiri la Mangochi

Ulendowu ndi bwino kuuyambira pa boma la Mangochi penipeni, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi mzinga wa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Malowa ankatchedwa Fort Johnston, ndipo Angerezi anawakhazikitsa mu 1891 pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo pamalo pomwe mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja ya Malawi. Mukayamba mwaona zimenezi, zomwe mukapeze kuphiri zidzamveka bwino.

Nyamukani m'mamawa, muwoloke Shire ndi kutsata msewu wa ku Namwera ndi Chiponde, womwe umakwera zitunda za Chowe mokhotakhota. Ma minibasi amayenda mumsewuwu, koma kuchokera pa tala kukafika m'munsi mwa phiri mudzafunika kabaza wanjinga yamoto kapena galimoto yolimba. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chifukwa nthawi ya dzinja njira imaterera ndipo udzu umabisa makoma, pamene mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Tengani madzi okwanira, kamba ndi nsapato zogwira bwino pansi.

Musakwere nokha. Pitani kaye kwa amfumu a mudzi wapafupi, mupereke moni mwaulemu, ndipo mupemphe munthu wodziwa njira kuti akuperekezeni, mutagwirizana naye za malipiro musananyamuke. Phirili lili m'nkhalango yotetezedwa, choncho kuyatsa moto ndi kudula mitengo n'koletsedwa.

Mukafika pamwamba musathamangire kujambula zithunzi, koma yang'anani mmene malowo anakhalira. Apa panali mudzi wa mfumu ya Chiyawo, Jalasi, yemwe Angerezi ankamulemba kuti Zarafi, ndipo aliyense wokhala pano ankatha kuona adani akali kutali m'chigwa ndi kulondera njira zopita kum'mawa, komwe minyanga ya njovu ndi akapolo zinkadzera popita kugombe la nyanja yamchere. Mu 1892 ankhondo a Jalasi anabweza asilikali a boma la atsamunda ndi kuwalanda mzinga. Mudziwo unagwa mu 1895, mfumuyo n'kuthawira mbali ya Mozambique. Linga lomwe mabwinja ake mukuwaonawo linamangidwa ndi Angerezi mu 1897, ndipo pambuyo pake linakhalako ndende komanso malo ophunzitsirako asilikali pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. M'maganizo mwanga, mlendo amene wangomva mbali ya Angerezi yokha wamva theka la nkhani, motero funsani wokuperekezaniyo zomwe makolo ake anamuuza, pakuti ufumu wa Jalasi ulipobe m'dera la Namwera mpaka lero.

Musakwere pa makoma kapena kuchotsapo mwala, chifukwa ndi osalimba, ndipo chenjerani ndi njoka m'ming'alu. Yambani kutsika dzuwa likangopendeka, kuti mukapeze galimoto yobwerera ku boma kusanade.