Momwe mungadziwire nthawi yotaya makadi amphamvu pa poker ya ndalama

Aliyense amene wasewerako Texas Hold'em, mtundu wa poker umene munthu amalandira makadi awiri m'manja ndipo ena asanu amaikidwa patebulo, amadziwa kutaya 7 ndi 2 osaganiza kawiri. Ndalama zambiri sizipita ndi makadi otere. Zimapita pamene munthu wagwira ma A awiri, kapena K wake wakumana ndi K wina patebulo, n'kukana kuvomereza kuti mnzake wamupitirira. Kuno ku Salima, kaya anthu akumana ku Senga Bay Loweruka madzulo kaya akusewera pafoni, mudzamva wina akudandaula kuti "ndinali ndi ma A, ndikanatani?" Nthawi zambiri chochita chinalipo, ndipo chinali kutaya.

Tikunena za cash game, masewera amene ma chip ake ndi ndalama zenizeni ndipo mukhoza kudzuka nthawi iliyonse. Pano mulibe mphoto ya mpikisano yoti muiyembekezere. Funso ndi limodzi: ndalama imene akukupemphani kuti muwonjezere, kodi ikubwerera kangati?

Yambani ndi munthuyo, makadi anu abwere pambuyo

Musanayang'anenso makadi anu, yang'anani amene wakweza. Pa masewera a ndalama zochepa anthu ambiri amakonda kupanga call (kuika ndalama yofanana ndi imene wina waika), sakonda raise (kukweza). Pali bambo wina wodekha, wakhala patebulo ola lathunthu akungolondola anzake osakweza ngakhale kamodzi. Tsiku limene bambo ameneyu wakankha ndalama zambiri pa turn (khadi lachinayi la patebulo) kapena pa river (khadi lachisanu, lomaliza), sikuti wasintha khalidwe mwadzidzidzi. Wapeza chinthu. Anthu otere sapanga bluff (kuopseza anzawo ali ndi makadi ofooka) ya ndalama zazikulu, chifukwa mtima wawo suwalola.

Mnyamata amene wangogulitsa usipa, wamwa pang'ono, ndipo akukweza pafupifupi dzanja lililonse, ndi nkhani ina. Kwa iyeyo ma A anu ndi olemera ndipo simuwataya msanga.

Kenako werengani nkhani yonse ya dzanjalo

Tiyeni titenge chitsanzo ndipo tichitsate mpaka pamapeto, chifukwa apa m'pamene pagona luso. Ma blind, ndalama zimene osewera awiri amayenera kuika makadi asanagawidwe, ndi K500 (small blind) ndi K1,000 (big blind), ndipo inu ndi bambo wodekha uja muli ndi K100,000 aliyense. Mwalandira ma A awiri, mwakweza kufika K4,000. Ena onse ataya, iye yekha wapanga call ali pa big blind. Pakati pali K8,500.

Flop, makadi atatu oyamba a patebulo, yagwa J, 8 ndi 3, makadi a mitundu yosiyana. Iye wapanga check (sanaike kanthu), inu mwaika K6,000, iye wapanga call. Pakati pafika K20,500. Mpaka pano palibe chodetsa nkhawa: akhoza kukhala ndi J, ndi 8, kapena akudikira straight (makadi asanu otsatizana).

Turn yabwera 7. Wapanganso check, mwaika K15,000, ndipo iye wakweza kufika K45,000.

Apa imani kaye. Musafunse kuti "kodi makadi anga ndi abwino?" Ndi abwino ndithu. Funsani kuti: ndi makadi ati amene munthu uyu angapange nawo call pa flop kenako n'kukweza pa turn? Ndipo muwawerenge, osangowaganizira. Mu paketi ya makadi 52, ngati J mmodzi ali kale patebulo, pali njira 3 zokha zoti munthu agwire ma J awiri m'manja. Chimodzimodzi ma 8, ma 3 ndi ma 7. Zonse pamodzi ndi njira 12 zoti akhale ndi set, kutanthauza makadi atatu ofanana, awiri m'manja ndi limodzi patebulo. Kuwonjezera apo, 10 ndi 9 zamupatsa straight yoyambira 7 kufika J, ndipo makadi amenewa angabwere m'njira 16. Palinso J ndi 8, kapena 8 ndi 7, zimene zamupatsa ma pair awiri (pair ndi makadi awiri ofanana).

Nanga amene mukuwaposa ndi ati? A ndi J, njira 6 zokha poti ma A awiri muli nawo ndinu. K ndi J, Q ndi J. Koma kumbukirani munthu wake. Bambo ameneyu akakhala ndi K ndi J amangopanga call mpaka pa river, sakweza katatu kuposa zimene mwaika. Mukachotsa makadi amene sangakweze nawo, mumapeza kuti pafupifupi onse otsala akukumenyani.

Tsopano onani ngati river ingakupulumutseni. Ngati ali ndi set, mukufuna A, ndipo atsala awiri mwa makadi 44 osaoneka, mwayi wosafika 5 pa 100. Ngati ali ndi J ndi 8, makadi 8 angakuthandizeni, ma A awiri, ma 3 atatu ndi ma 7 atatu, mwayi wa 18 pa 100. Ngati ali ndi straight, palibe khadi limodzi lokupulumutsani, ngakhale A wachitatu.

Werengani mtengo weniweni

Masamu ake ndi osavuta. Gawani ndalama imene mukufunika kuwonjezera ndi ndalama zonse zimene zidzakhale pakati mukawonjezera. Munthu akaika theka la zimene zili pakati, muyenera kupambana kamodzi pa kanayi kuti musaluze. Akaika zofanana ndi zimene zili pakati, kamodzi pa katatu. Akaika kawiri, 40 pa 100.

Pa chitsanzo chathu, akukupemphani K30,000 ndipo pakati pakhala K110,500. Zikuoneka ngati mukufunika 27 pa 100 basi, ndipo anthu ambiri amakodwa pomwepa. Amaiwala kuti kukubwera river, ndipo aliyense watsala ndi K45,000. Munthu amene wakweza pa turn ali ndi set kapena straight sasiya ndalama imeneyo m'thumba mwanu. Aikankha yonse, ndipo inu, mutaika kale zochuluka chotero, mudzalephera kutaya. Choncho mtengo weniweni ndi K75,000 pa K200,500, kutanthauza kuti muyenera kupambana 37 pa 100. Kwa bambo wodekha uja simufikako ngakhale pang'ono. Tayani pa turn pomwepo, mwaluza K25,000, mwasunga K75,000.

Ine ndimaona kuti chimene chimavuta si masamu, koma K25,000 imene yapita kale. Mtima umati ndi yanu, muitsatire. Si yanunso kuyambira pamene inachoka m'manja mwanu. Madzi akatayika sawoleka, ndipo ndalama imene mungaiteteze ndi imene ikadali kutsogolo kwanu.

Zizindikiro zina zoti mutaye

Ngati munalowa anthu anayi kapena asanu, wina waika, wina wakweza, inu musanalankhule, pair imodzi yatha ntchito. Munthu sachita bluff kwa anthu anayi nthawi imodzi.

Samalaninso patebulo pakagwa makadi atatu a mtundu umodzi, monga a mtima, ndipo amene ankangopanga call wayamba kukankha. Munthu amene ali ndi makadi anayi a mtundu umodzi pa flop amamaliza flush yake (makadi asanu a mtundu umodzi) pafupifupi 35 pa 100 pofika pa river, ndiye si chinthu chachilendo. Ndipo ngati muli ndi flush yaing'ono koma patebulo pabwera makadi awiri ofanana, full house (makadi atatu ofanana ndi ena awiri ofanana), imene imaposa flush, yatheka. Munthu wodekha akakweza pa river m'malo otere, flush yanu ndi yotaya.

Pomwe simuyenera kutaya

Pali anthu amene akamva malangizo awa amayamba kuona set paliponse, n'kumataya makadi opambana. Kumenekonso n'kuluza, kungoti sikuoneka.

Yang'anani kuchuluka kwa ndalama zotsala poyerekeza ndi zimene zili pakati. Ngati flop isanagwe munakwezerana mpaka pakati pafika K40,000, ndipo mnzanu watsala ndi K50,000 yokha, ma A anu satayidwa. Pair imodzi imafooka pamene ndalama zotsala zili zambiri kuposa zapakati, monga pa chitsanzo chija pomwe pa flop panali K8,500 koma aliyense ali ndi K96,000 kumbuyo.

Ma K awiri flop isanagwe, musawataye chifukwa choopa ma A. Patebulo la anthu 9, mwayi woti wina ali ndi ma A pamene inu muli ndi ma K ndi pafupifupi 4 pa 100. Set nayonso, imene imabwera pa flop pafupifupi 12 pa 100 mukakhala ndi pair m'manja, si yotaya patebulo pomwe palibe straight kapena flush. Tsiku limene set yanu yakumana ndi set yaikulu mudzaluza, ndipo simunalakwitse.

Mukasankha kutaya

Tayani makadi chafufumimba, osawaonetsa. Mukaonetsa ma A amene mwataya, mwauza tebulo lonse kuti aliyense akhoza kukuthamangitsani ndi raise, ndipo mnyamata wa usipa uja ayamba kukuyesani. Musamupemphenso mnzanu kuti akuonetseni ake. Kulipira K75,000 kuti mungoona zimene anali nazo ndi chidwi chodula kwambiri.

Chinthu china chimene chimasokoneza chisankho ndi gwero la ndalama. Munthu amene wakhala patebulo ndi ndalama ya feteleza wa mpunga kapena ya sukulu ya mwana saganiza bwino: mwina amataya msanga chifukwa cha mantha, mwina amakakamira pofuna kubweza zimene waluza. Ikani malire musanakhale pansi, ndipo akakwana dzukani. Juga ku Malawi kuno imayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo.

Mukafika kunyumba, lembani m'foni dzanja limene linakuvutani: makadi anu, a patebulo, ndalama zimene aliyense anaika, ndi amene anakweza. Nthawi iliyonse imene bambo wodekha uja waonetsa makadi ake atakweza pa turn, kaya kwa inu kaya kwa wina, lembaninso zimene anali nazo. Ngati mutapeza kuti nayenso amakweza ndi K ndi J, sinthani, ndipo ulendo wina mudzamupangire call.