Momwe makolo angatsatire ndalama za ADE kuti zifike kwa mwana wosauka

Chaka chilichonse sukulu zapulayimale za boma m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuyambira ku Ulónguè ndi ku Tsangano mpaka ku Furancungo ndi ku Chifunde, zimalandira ndalama za boma zotchedwa Apoio Directo às Escolas, kutanthauza thandizo lopita mwachindunji ku sukulu, zomwe aphunzitsi ambiri amangozitchula kuti ADE. Ndondomekoyi inayamba m'chaka cha 2003, ndipo kufunika kwake kunakula kwambiri pamene boma linathetsa malipiro a m'sukulu zapulayimale, chifukwa ndalama zomwe makolo ankapereka polembetsa ana ndizo zinkagula choko, mabuku olembamo maina ndi tizinthu tina tofunika tsiku ndi tsiku. Ndikulembera makolo, agogo amene akulera adzukulu, mafumu ndi anyakwawa, komanso aliyense amene anasankhidwa kukhala m'bungwe la sukulu lotchedwa Conselho de Escola koma mpaka lero sanaonepo pepala losonyeza kuti sukulu yake inalandira ndalama zingati.

Maganizo oti boma lalikulu lizitumiza ndalama zowonjezera ku sukulu za ana osauka alipo m'maiko enanso. Ku United States, Pulezidenti Lyndon Johnson, yemwe pa unyamata wake anaphunzitsapo ana osauka m'tauni ya Cotulla ku Texas, anasayinira lamulo la Elementary and Secondary Education Act m'chaka cha 1965, ndipo gawo loyamba la lamulolo, lotchedwa Title I, limagawa ndalama potengera chiwerengero cha ana ochokera m'mabanja osauka. Kumeneko sukulu yomwe ana 40 mwa ana 100 alionse ndi osauka imaloledwa kugwiritsa ntchito ndalamazo potukula sukulu yonse, ndipo lamulo limanena mosabisa kuti ndalamazi ndi zowonjezera pa zomwe maboma a m'madera amapereka kale, sizilowa m'malo mwake. Kwathu kuno zinthu ndi zosiyana, pakuti ADE imapita ku sukulu zonse zapulayimale za boma potengera makamaka kuchuluka kwa ana ndi makalasi. Izi zikutanthauza kuti ntchito yozindikira mwana wosaukitsitsa siichitikira ku Maputo kapena mumzinda wa Tete ayi, koma imachitikira pasukulu pomwepo, m'manja mwa anthu amene amadziwa khomo lililonse la m'mudzimo. Ngati anthu amenewo akhala chete, ndalama zimatha ndithu, koma mwana amene amafunikira kwambiri thandizo amatsala chimanjamanja.

Ntchito imayamba ndalama zisanabwere. Unduna wa zamaphunziro umachita kalembera wa ana a sukulu pa 3 March chaka chilichonse, ndipo ziwerengero za kalembera ameneyu ndizo boma limadalira pokonza za sukulu. Choncho m'mwezi wa January ndi February, pamene mvula ili mkati ndipo ana ambiri ali kubusa kapena akuthandiza m'minda ya fodya ndi ya mbatata, a m'bungwe la sukulu ayenera kuyenda m'midzi pamodzi ndi mafumu kuti mwana aliyense wa msinkhu wa sukulu alembedwe ndipo ayambe kulowa m'kalasi tsikulo lisanafike. Lamulo nambala 18 la 2018 linakweza maphunziro okakamiza kufika kalasi 9, kotero kholo limene likusunga mwana pakhomo likulakwira mwanayo, komanso likuchepetsa gawo la sukulu yonse. Mukapeza mwana amene alibe chikalata cha kubadwa, musamubweze, koma kambiranani ndi mkulu wa sukulu za njira yomuthandizira kuchipeza ku ofesi ya kalembera.

Dziwaninso bwino bungwe lanulo. Mu Conselho de Escola mumakhala mkulu wa sukulu, oimira aphunzitsi, oimira ana a sukulu, oimira makolo ndi oimira anthu a m'dera, ndipo wapampando wake amasankhidwa pakati pa mamembala, sakhala mkulu wa sukuluyo. Anakonza chomwecho ndi cholinga choti amene amasunga makiyi a ofesi asakhalenso yemweyo woweruza za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Wapampando amene amangoitanidwa kudzasayina mapepala olembedwa kale sakugwira ntchito yomwe anthu anamusankhira, ngakhale atakhala munthu waulemu wake chotani.

Gawo lovuta kwambiri, lomwe ndikufuna tikhalepo nthawi, ndi kulemba maina a ana ovutika. Mwa zolinga za ADE muli kuthandiza ana amasiye ndi ena amene ali pa mavuto kuti asasiye sukulu, koma mawu oti wovutika ndi otakata, ndipo m'mudzi momwe pafupifupi banja lililonse limadya zochepa m'miyezi ya njala, aliyense akhoza kunena kuti mwana wake akuyenera. Bungwe ligwirizane kaye pa zizindikiro lisanatchule dzina la mwana ndi mmodzi yemwe, ndipo zizindikirozo zilembedwe m'buku la zokambirana. Mwana amene makolo ake onse anamwalira, amene akuleredwa ndi agogo opanda mphamvu zolimira, amene akusamalira abale ake yekha, amene ali ndi ulumali, kapena amene kholo lake lili chigonere ndi matenda, ameneyo ayenera kukhala patsogolo. Aphunzitsi amaona zambiri zomwe makolo sitiona: amadziwa mwana amene amalemba masamu, Chipwitikizi ndi maphunziro ena onse m'kope limodzi, amene amafufuta za dzulo kuti apeze polemba za lero, amene amajomba tsiku lililonse la msika chifukwa ali ku ganyu, ndiponso amene amazimiririka m'mwezi wa June ndi July pamene chisanu cha ku Angónia chakula ndipo iye alibe chofunda cha m'thupi. Funsani mphunzitsi wa kalasi iliyonse kuti apereke maina, kenako anthu awiri kapena atatu a m'bungwe, mmodzi mwa iwo akhale mayi, apite kukaona pakhomo pa mwana aliyense wotchulidwayo.

Pali misampha iwiri pano. Woyamba ndi chibale, pakuti ndi chinthu chachibadwa kuti munthu akumbukire mdzukulu wake poyamba, ndipo njira yabwino yopewera mkangano ndi kugwirizana kuti membala aliyense atuluke panja pamene dzina la mbale wake likukambidwa. Wachiwiri ndi manyazi. Ine sindigwirizana nawo mchitidwe woimika ana amasiye kutsogolo kwa anzawo pa msonkhano wa m'mawa ndi kuwapatsa makope anthu akuwomba m'manja, chifukwa mwana wamkulu, makamaka mtsikana, akhoza kusankha kukhala pakhomo kusiyana ndi kutchedwa wolandira zachifundo chaka chonse. Chiwerengero cha ana othandizidwa chidziwike kwa onse, koma maina awo akhale m'buku la bungwe.

Ndalama zikangofika, funsani kuti zabwera zingati. Funso limeneli si chipongwe kwa mkulu wa sukulu, ndipo mkulu wa sukulu wachilungamo amasangalala nalo chifukwa limamuchotsera mphekesera. Ndalamazi zimadutsira ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, Serviço Distrital de Educação, Juventude e Tecnologia, komwe kumakhala mndandanda wa zomwe sukulu iliyonse yapatsidwa, ndipo lamulo nambala 34 la 2014 limapatsa nzika iliyonse ufulu wopempha kudziwa nkhani za boma zokhudza anthu. Pemphani kuti chiwerengerocho chilembedwe papepala ndi kupachikidwa poonekera, ndipo pa msonkhano wa makolo chinenedwe m'Chichewa, popeza makolo ambiri m'midzi yathu sawerenga Chipwitikizi. Pemphaninso kuona buku la malangizo a ADE lomwe likugwira ntchito chaka chimenecho, chifukwa ndilo limanena zomwe zingagulidwe ndi zomwe sizingagulidwe, ndipo munthu mmodzi wodziwa zilankhulo zonse ziwiri aliwerenge mokweza pamaso pa bungwe lonse.

Pokonza zogula, kumbukirani kuti ndalamazi ndi zowonjezera chabe. Mabuku ophunzirira a m'pulayimale boma limagawa ulere kudzera m'njira yake, malipiro a aphunzitsi ali ndi njira yawo, ndipo chakudya cha ana m'sukulu zomwe zimalandira chimabwera kudzera mu ndondomeko ina yotchedwa PRONAE. Ngati mabuku a boma sanafike, chofunika ndi kulemba kalata ku ofesi ya pa boma, osati kuphimba dzenjelo ndi ndalama zomwe zikanagula makope ndi mapensulo a ana ovutika. Malangizo anga ndi oti mulembe zosowa zonse pabolodi, kenako muyambe ndi zomwe zimakhudza dzanja la mwana ndi maso ake: makope, zolembera, choko, utoto wa bolodi lomwe lafufuma, ndowa ndi sopo, kukonza chitseko kapena denga lomwe likudontha pa malo okhala ana. Mipando yabwino ya mu ofesi ndi zakumwa za alendo zikhoza kudikira. Zikagwirizanidwa, mndandandawo usayinidwe ndi wapampando pamodzi ndi mkulu wa sukulu tsiku lomwelo.

Pogula, anthu opita kusitolo akhale ena ndipo olandira katundu akhale enanso, monga momwe ndondomeko ya ADE imafunira. Musanagule, funsani mitengo m'masitolo angapo, makamaka atatu, ndipo mitengoyo ilembedwe. Gulani kwa wamalonda amene angapereke lisiti lenileni lokhala ndi dzina la sitolo, tsiku, nambala ya msonkho ya NUIT ndi mtengo wa chinthu chilichonse m'mametikali. Ife a m'malire tili ndi yesero lapadera, pakuti nthawi zina makope amaoneka otsika mtengo ku Dedza kapena pa msika wa Lizulu, ndipo kuwoloka ndi nkhani ya mphindi zochepa, koma kapepala kolembedwa pamanja m'makwacha kakhoza kukanidwa pa nthawi yopereka malipoti, ndipo zikatero amene anagulawo amaoneka ngati akuba pomwe ankafuna kupulumutsa ndalama. Ngati sukulu ili kutali ndi sitolo, funsani ku ofesi ya pa boma za momwe mtengo wonyamulira katundu uyenera kulembedwera musanabwereke njinga yamoto kapena ngolo.

Katundu akafika, olandira atsegule makatoni ndi kuwerenga chimodzichimodzi atagwira lisiti m'manja. Ngati lisiti likunena makope 300, awerengedwe makope 300, ndipo aonedwenso ngati ali a masamba omwe analembedwa, chifukwa kope lopyapyala ndi lochindikala sizifanana mtengo. Palibe chifukwa chosayinira katundu amene simunamuone ndi maso, ngakhale wina atanena kuti wotsalayo akubwera mawa.

Musagawe zonse tsiku limodzi. Mwana akalandira makope asanu ndi limodzi pakamodzi, ena amathera kwa achimwene ake, ena amagulitsidwa pa tsiku la njala, ndipo pofika pakati pa chaka amakhalanso alibe polemba. Ndi bwino kuti mphunzitsi azipereka kope latsopano pamene lakale ladzaza, ndipo mwanayo kapena womulera azisayina kapena kudinda chala m'buku. Buku lomweli lidzakuthandizani kuona ngati thandizo likugwira ntchito, chifukwa kumapeto kwa gawo lililonse la chaka mukhoza kuliika pambali pa buku la maina a obwera ku sukulu ndi kuona ngati ana olembedwawo akubwerabe. Mwana amene walandira kope koma wajomba masabata awiri ali ndi vuto lina loposa kope, kaya ndi njala, matenda, kapena ukwati umene ukukonzedwa mwachinsinsi, ndipo pamenepo bungwe lipite pakhomo, likaona kuti nkhaniyo yakula lidziwitse a mfumu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Pa nkhani za nkhanza kwa ana pali nambala yaulere ya 116, ya Linha Fala Criança.

Malisiti onse, mndandanda wa zogula ndi mapepala osayinidwa ndi olandira katundu ziyenera kubwezedwa ku ofesi ya pa boma pa nthawi yake, chifukwa sukulu yochedwa kupereka malipoti ikhoza kuchedwetsedwanso pa gawo lotsatira la ndalama. Wapampando asunge makope ake a mapepalawo, ngakhale zithunzi zojambula pa foni ndi zokwanira. Mukaona kuti ziwerengero sizikugwirizana, yambani ndi kufunsa pa msonkhano wa bungwe ndipo yankho lilembedwe m'buku, popeza nthawi zambiri vuto limakhala kulakwitsa kuwonkhetsa basi. Yankho likapanda kukhutiritsa, pitani kwa mkulu wa ZIP ya dera lanu, lomwe ndi gulu la sukulu zoyandikana, ndipo zikakanika kumeneko lembani kalata ku ofesi ya maphunziro ya pa boma yotchula tsiku, katundu ndi ndalama zomwe zikusowa, musayine anthu angapo, ndipo mupemphe kuti akudindireni chidindo pa kope lomwe mubwerere nalo kunyumba.