Chambo chikayamba kuda, khoka lichoke kumchenga

Asodzi a ku Makawa, Malindi, Malembo ndi ku Malombe, chambo timachidziwa pa mbale, koma moyo wake m'madzi ndi umene ukutiuza nthawi yosiya khoka. Nsomba zambiri za m'nyanja zamchere zimamwaza mazira ambirimbiri n'kuwasiya. Chambo sichitero. Chimaikira mazira mazana ochepa chabe, ndipo chimawalera chokha.

Nyengo yotentha ikafika, chachimuna chimada thupi, nsonga ya chipsepse cha pamsana n'kuyera. Chimakumba chisa chonga mbale pamchenga, n'kumachilondera. Chachikazi chikaikira mazira m'chisamo, chimawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa masabata angapo, pafupifupi osadya kanthu. Kenaka chimapita kosaya, m'mabango ndi m'udzu wa m'madzi, kukalavula ana. Ngakhale atatuluka, akaona choopsa amathawiranso m'kamwa mwa mayi wawo.

Apa m'pamene khoka lokokera kumtunda limaononga kawiri. Chingwe chake chapansi chimasalaza zisa ndi kuzula udzu, ndipo mayi akakodwa amalavula mazira onse, omwe sangakhale moyo paokha. Mwagulitsa nsomba imodzi, mwataya mazana. N'chifukwa chake makoka amaletsedwa panyanja ya Malawi mu Novembala ndi Disembala. Masiku enieni a gombe lanu, makamaka ku Malombe ndi mu Shire, afunseni ku komiti ya pagombe yoyang'anira usodzi (BVC) kapena kwa mlangizi wa zausodzi.

Povuula matchera, yang'anani pakhosi pa chambo. Pakakhala potupa, muli mazira kapena ana m'kamwa. Ngati chidakali chamoyo, chiwonjoleni ndi manja onyowa, musachifinye m'makha, ndipo chibwezeni m'madzi pomwepo.

Za kasawala tinene mosabisa: ameneyu si mtundu wina wa nsomba, ndi mwana wa chambo. Lamulo limaletsa kugwira chambo chosakwana masentimita 15, komabe cha msinkhu umenewu sichinaswepo n'kamodzi komwe, pakuti chimatenga zaka pafupifupi zitatu kuti chikhwime. Dulani kamtengo ka masentimita 15 kazikhala m'bwato. Neti ya udzudzu yosokerera kuthumba la khoka ichotsedwe, chifukwa imakokolola ndi ana ongolavulidwa kumene.

Mabango a m'mbali mwa nyanja musawatenthe kapena kuwadula onse pofuna dimba ndi malo okocheza. Ndimo mobisala ana, ndimonso mumamera ndere zomwe amadya. Pamene mabango anatha kale, gwirizanani ndi amfumu ndi komiti musankhe malo osaya, muike zizindikiro zoyandama, ndi kumizamo nthambi zomangidwa m'mitolo zolemetsedwa ndi miyala. Mukapanda kumanga bwino, mwera amazibalalitsa. Zikakhazikika, nthambizo zimamera ndere, ndipo wobwera ndi khoka usiku amangong'ambitsa ukonde wake.