Kujambula mizere yodutsa pa mizati ndi gnuplot

Mukakhala ndi tebulo la manambala lokhala ndi zigawo zinayi kapena kuposa, galafu wamba wa x ndi y sakwanira. Njira ina, yomwe Alfred Inselberg anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1980, ndi kuimika mizati motsatana, chigawo chilichonse mzati wakewake. Mzere umodzi wa m'tebulo umasanduka kamzere kokhotakhota kodutsa pa mizati yonse. Pulogalamu yaulere ya gnuplot imachita zimenezi mukangolemba malamulo ochepa.

Yambani ndi kulemba `gnuplot --version` pa terminal (zenera lolembamo malamulo a kompyuta). Ikhale 5.4 kapena yatsopano kuposa apo, chifukwa 5.0 ndi 5.2 kalembedwe kake n'kosiyana ndipo malamulo ali m'munsiwa akukanikani.

Tiyese ndi manambala a maluwa a iris amene Ronald Fisher anagwiritsa ntchito mu 1936: maluwa 150, mitundu itatu, duwa lililonse ndi miyeso inayi motsatana: kutalika ndi kutakata kwa sepal (timasamba takunja kwa duwa), kenako kutalika ndi kutakata kwa petal (timasamba tam'kati ta duwa). Mu fayilo yanu ya manambalawa, iris.csv, ikani # kutsogolo kwa mzere wa mitu, ndipo m'chigawo chachisanu sinthani mayina a mitundu akhale 1, 2 ndi 3. Manambala amenewa ndi amene apereke utoto.

Tsopano tsegulani fayilo yatsopano, muitche iris.gp, mulembemo izi:

`set datafile separator ","`
`set terminal pngcairo size 900,500`
`set output "iris.png"`
`set style data parallelaxes`
`unset key`
`unset ytics`
`set for [i=1:4] paxis i tics`
`plot "iris.csv" using 1:5 lc variable, "" using 2, "" using 3, "" using 4`

Sungani, kenako lembani `gnuplot iris.gp`. Chithunzi chituluka mu foda yomweyo.

Apa ndiye pofunika kuchedwapo. Mzati uliwonse gnuplot amauyeza payokha, choncho nsonga ya mzati wachinayi ingakhale pafupi ndi masentimita 2.5 pomwe nsonga ya woyamba ili pafupi ndi 8. Diso limanamizika msanga. Mukafuna muyeso umodzi, lembani `set paxis 1 range [0:8]` n'kuchitanso chimodzimodzi pa mizati inayo. Ine ndimakonda kusiya mzati uliwonse ndi muyeso wake, bola manambala aziwoneka.

Yang'anani pakati pa mzati wachitatu ndi wachinayi. Mizere ikuyenda mogwirizana osapingasana kwenikweni: duwa la petal yaitali limakhalanso ndi petal yotakata. Koma pakati pa wachiwiri ndi wachitatu, mizere ya setosa, umodzi mwa mitundu itatu ija, imatsetsereka kuchoka pamwamba mpaka pansi n'kudula inzake yonse, ngati kagulu kodzipatula.

Dziwani kuti chithunzichi chimangoonetsa ubale wa mizati yoyandikana. Mukafuna kuona ngati chigawo choyamba chikugwirizana ndi chachitatu, sinthanitsani `using 2` ndi `using 3` mu lamulo lomaliza, musinthe dzina la chithunzi mu `set output` kuti choyamba chisafufutike, muyendetsenso fayilo ija, muyerekeze zithunzi ziwirizo.